Manja a Bambo Atayera

Ndikukula, bambo anga sindinawaonepo ali ndi manja oyera. Kuyambira unyamata wawo ankasonkha moto mu injini ya sitima ya malasha, mpaka anzawo anangowatcha a Malasha. Amayi ankawanena tsiku ndi tsiku kuti matawulo onse m'nyumba anathera pa manja amenewo.

Sitima za malasha zitasiya kuyenda, injini yawo anaikokera m'shedi yosungira sitima zakale kuti anthu azidzaiona. Bambo anaitsatira ngati mwana wotsata amake kumsika. Anawalemba ntchito yosesa, koma tsachelo linali chonamizira chabe. M'mawa uliwonse ankagwada pamawilo, kupaka girisi, kuthira oyilo m'timabowo tonse. Njanji yake inkathera pakhoma penipeni, koma iwo ankati, "Chitsulo chikamadya mafuta ndiye kuti chili moyo. Tsiku lina adzaifuna." Ine zinkandipsetsa mtima. Munthu wamkulu, mawondo otupa, n'kumadyetsa chinthu chosapita kulikonse!

Tsiku lina mayi wina wodzaona sitima anatsamira wilo pojambulitsa, diresi lake loyera n'kuda bii. Woyang'anira malowo anawaitana bambo.

"A Malasha, za girisizi basi. Tipukute, tipake penti paliponse, ndi mawilo omwe."

"Bwana, penti ikatseka timabowoti, mkatimu muchita dzimbiri. Siidzayendanso."

"Nanga ipita kuti, achikulire? Khomali simukuliona?"

Bambo analiyang'ana khomalo nthawi yaitali. Anapempha chinthu chimodzi chokha, chakuti pasabwere munthu wina, apake okha. Anapaka mwakachetechete, akatseka kabowo kamodzi n'kuima kaye. Injini inawala, alendo n'kumaiyamikira, ndipo bambo anatsala ndi tsache lawo basi.

Patapita masabata angapo ndinapita kukawaona. Anaweruka dzuwa likadali pamwamba, zimene kale sankachita. Amayi anawabweretsera madzi osamba m'manja ndi thawulo lakuda lija, lomwe ankalisungira iwo okha. Bambo anasamba, madzi n'kutsala oyera mbee. Amayi anayang'ana m'beseni, n'kuyang'ana manjawo.

"Abambo, kodi manjawa ndi anu?" anafunsa amayi motsitsa mawu.

"Mwini wake ndinamuika m'manda ndi penti ija," anayankha bambo. "Litayeni thawulolo, mayi."

Amayi analipinda bwinobwino, n'kukalibwezera pa msomali wake.