Tsiku limene ndinaona amayi akukumbatira munthu

Dzulo m'sitolo ndinamva fungo la paudala wa lavenda, ndipo ndinakumbuka chipinda china ku Arlington.

Ndinali ndi zaka zisanu ndi zitatu. Tsikulo sukulu anatseka chifukwa cha chipale chofewa, ndiye amayi ananditenga kuntchito kwawo. Ankasamalira gogo wina wachizungu wochokera ku Wales.

Amayi sankakumbatira munthu. Ukakhoza mayeso ankangoti wachita bwino, n'kukuwonjezera nthuli ya nyama. Ngakhale tsiku limene ndinafika kuchokera ku Malawi, titatha zaka zitatu osaonana, anangondigwira dzanja n'kufunsa ngati ndadya.

Amayi atawasambitsa n'kuwathira paudala, gogowo anatambasula manja awo.

"Cwtch," anatero.

Ataona kuti ndasokonezeka, gogowo anandifotokozera kuti ndi mawu akwawo, kumidzi ya anthu okumba malasha. Kale ankatanthauza kamalo kobisika kosungirako zinthu. Kenako anthu anayamba kutchula choncho kukumbatira mwana mwamphamvu mpaka mantha amuthere.

Amayi anaika thaulo pampando. Anawerama n'kuwakumbatira gogowo, tsaya kutsaya, uku akuwasisita kumsana. Sanachite manyazi ngakhale pang'ono. Zinkaoneka kuti amatero tsiku lililonse.

Ine ndinangoti kakasi pakhomo, kukamwa kuli yasa. Manja a amayiwo ndinkawadziwa pondisambitsa ndi pondimenya basi.

Amayi anandiona, chibwano chili paphewa pa gogowo.

"Iwe, ukuyang'ana chiyani? Tseka chitsekocho, agogo azizidwa."