Wofunsidwa Wachisanu ndi Chiwiri

Ndinali m'chaka chachinayi ku univesidadi, ndikuphunzira za ndale ndi kayendetsedwe ka boma, pamene inakwana nthawi yolemba monogarafiya, kabuku ka kafukufuku kamene aliyense amalemba asanatsirize. Ine ndinafuna kudziwa chimene chinagwetsa anthu akumudzi mphwayi pa mavoti. Kwathu ku Tsangano, tsiku la chisankho amayi ankapita kukakumba kachewere ngati tsiku lina lililonse.

Apulofesolo ondiyang'anira anaukonda mutuwo. "Pitani kumene amakudziwani," anatero. "Kumeneko akamasuka nanu."

Ndinakwera shapa, minibasi ya kwathu, mpaka ku Furancungo, kenaka mota, njinga yamoto, kukafika kwa atsibweni anga, alongo awo a amayi, kufupi ndi Chidzolomondo. Kalata yanga yondiloleza kufunsa anthu inayenera kudindidwa ndi asekeretariyo, oimira boma m'deralo. Anali bambo ansangala. Anandipatsa mpando, nadinda, nanena kuti azindiperekeza nyumba ndi nyumba kuti ndisasochere. Anapemphanso kuti kabuku kakadzatha ndidzawatumizire kope limodzi. Ndinangovomera.

Masiku atatu ndinafunsa anthu asanu ndi mmodzi. Aliyense asanayankhe ankayamba wayang'ana asekeretariyo, kenaka nkuti, "Ife kuno tili bwino, timavota ndithu." Mapepala anga anadzaza mawu amodzimodzi.

Tsiku lachinayi asekeretariyo anapita kumaliro. Ndinapeza atsibweni m'chigafa akusoka fodya, ndipo ndinakhala pansi nkumawapatsira masamba.

"Mwanawe, zimene ukulembazo ndi mphepo," anatero. "Yatsa telefoni yakoyo ujambule mawu anga."

Anandiuza za chaka chimene mfuti zinamvekanso kuderako. Anthu onyamula zida anafika masana, nafunsa amene ankadyetsa adani awo. Anatentha nkhokwe, natenga mwana woyamba wa atsibweni kuti akawalozere njira. Banja lonse linathawira ku Malawi. Atabwerera anamanganso nyumba, koma mwana uja sanaonekenso. Kwathu nkhaniyi inkangonenedwa kuti msuweni wanga anasowa, basi.

"Anali a mbali iti?" ndinafunsa.

"Onse anadya nkhuku zanga. Tsopano ndikavotere ndani?"

Ndinawalonjeza kuti dzina lawo silidzaoneka paliponse, monga tinaphunzirira. Ndipo silinaoneke. Ndinalemba kuti "wofunsidwa wachisanu ndi chiwiri, mlimi wa fodya, amene mwana wake anatengedwa". Apulofesolo anati tsamba limenelo ndilo mtima wa ntchito yonse, ndisachotse liwu ndi limodzi lomwe. Oweruza mayeso anandiyamika, nandipatsa dizaseti, malikisi khumi ndi asanu ndi awiri pa makumi awiri. Sabata yomweyo ndinatumiza kope lija kwa asekeretariyo, mtima uli mbee, poti ndinalonjeza.

Kwa owerenga a mumzinda, alimi a fodya otaya ana angakhale ambiri. M'mudzi muja analipo mmodzi.

Amayi ndiwo anandiimbira. Anati atsibweni anaitanidwa kukafunsidwa, anakhalako masiku atatu, ndipo anabwera akutsimphina. Itafika nthawi yogawa mbewu, dzina lawo silinawerengedwe. Kutchalitchi anthu anayamba kuwasiyira benchi yonse. Oyandikana nawo, amene ankathandizana nawo kumanga mabelo a fodya, aliyense anapeza chomutangwanitsa.

Ndinapita kwa apulofesolo. Anamvetsera, navula magalasi, nati, "Dzina simunalembe. Malamulo a kafukufuku munatsata." Anandilangiza kuti pa ntchito yotsatira ndidzasinthe mbewu imene munthu amalima.

Panapita miyezi isanu ndisanalimbe mtima kubwerera kwa atsibweni. Ndinawapeza ataonda, atakhala pakhonde mwendo atautambasula. Ndinagwada patali.

"Wabwera nako kabukuko?" anafunsa.

Ndinali nako m'chikwama. Anati ndiwawerengere tsamba lawo. Linali m'Chipwitikizi, choncho ndinkawerenga mzere nkumawamasulira. Azakhali, akazi awo, anadzuka pakati nkukalowa m'nyumba. Atsibweni anamvetsera mpaka kumapeto, maso ali kumunda.

"Walakwitsa pamodzi," anatero. "Mwana wanga sanamukoke ayi. Ankafuna ine. Iyeyo ndiye anaimirira nkunena kuti bambo sayenda msanga, njira ndikuidziwa ndine."

"Simunandiuze zimenezo, atsibweni."

"Sindinauzepo munthu. Lemba."

Ndinatulutsa cholembera ndipo ndinalemba m'mphepete mwa tsambalo monga ananenera. Ndinawafunsa ngati ndikakonzenso kope la ku univesidadi. Anapukusa mutu, nati a ku univesidadiwo adya zokwanira.

Mota imene inandibweretsa inali kudikira pamsewu, chifukwa woyendetsa anakana kufika pakhomo pawo. Atsibweni anandiperekeza ndi ndodo mpaka pomwe pathera chimanga, naima pomwepo.

"Ukawauze amayi ako kuti asabwere chaka chino," anatero. "Akawaona kuno, zidzawatsata mpaka ku Tsangano."