Nsapato za a Yohane

Ndikangotsegula kachitini ka polishi, fungo lake limandibwezera ku Pangani, dera la mumzinda wa kunja kwa dziko lathu kumene ndinakulira, m'fulati yathu ija ya pamwamba pa shopu ya telala.

Agogo, bambo awo a bambo anga, anali mfumu kwathu ku Dedza. Kusukulu ndinkadzitama kuti akadzamwalira, ufumuwo udzakhala wa bambo, kenako wanga. Kunyumba tinkakhala ndi a Yohane, msuweni wa bambo, amene ankaphunzira kukoleji. Ankagona pasofa, ndipo mayi ankawatuma kukagula ndiwo zamasamba zotchedwa sukuma.

Agogo anamwaliradi. Akuluakulu atabwerako kumaliro, m'mawa wina ndinapeza bambo atakhala pansi, atayala nyuzipepala, akupukuta nsapato zakutha za a Yohane. Eni akewo anali pampando wa bambo, umene tonse sitinkayerekeza kukhalapo, manyazi atawagwira.

"Achimwene, ndipatseni ndipukute ndekha," anatero a Yohane.

"Mfumu sipukuta nsapato m'nyumba mwanga," anayankha bambo.

Ndinalira mokweza. "Atilanda ufumu wathu!"

Bambo anaseka, burashi ili m'manja. "Palibe watilanda, mwanawe. Agogo ako dzinali analilandira kwa amalume awo, ndipo tsopano lapita kwa mwana wa mlongo wawo. Limatsata bele. Ine ndinangokulira pakhonde pake."

Tsiku lomwe a Yohane ankanyamuka kupita ku Dedza, bambo anawanyamulira chikwama mpaka pokwerera matatu, maminibasi a kumeneko. Ine ndinakana kuwatsanzika, ndinangosuzumira pawindo ndili ndwii.

Ndazindikira nditakula kuti wolandidwa sanali ine. Mabuku a a Yohane anatsala pansi pa sofa, ndipo sanabwerenso kudzawatenga.