Tebulo Limene Linakana Kutuluka Pakhomo

Pansi pa tebulo lathu panali kachitsulo kotalika ngati chala. Ukakakankhira kumanzere, tebulo linkagawika pakati, thabwa lobisika n'kutuluka, malo a anthu anayi n'kusanduka a anthu khumi. Linali la ku Denmark, la mtengo wotuwa wosapakidwa vanishi, miyendo yowonda, popanda msomali wooneka ndi umodzi womwe. Amayi analigula kwa banja lina la ku Rathmines kumene ankagwira ntchito yoyeretsa m'nyumba, ndipo ankalitsuka ndi thovu la sopo monga anawalangizira eni akewo. Mpaka lero fungo la thabwa lonyowa limandibwezera ku Ongar, kumene tinkakhala.

Lamulungu lililonse anthu akutchalitchi ankadzaza tebulolo. Bambo ankakhala kumutu kwake, akulisisita, n'kumauza alendo kuti katundu wa ku Denmark sakalamba.

Ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi, nyengo yozizira, bambo anasamukira kwa mayi wina ku Swords. Alendo aja nawonso anasiya kubwera, ngati kusiyidwa ukwati n'chimfine choti angatengere. Alendowo sindinawakhululukire mpaka pano. Koma amayi anatambasula tebulo lonse n'kulisiya chomwecho. Tinkadya awiriwiri kunsonga, ndipo popita kukhitchini tinkayenda chammbali, ine ndikugunditsa chiuno pakona tsiku ndi tsiku.

Loweruka lina kunabwera bambo aang'ono ndi mnzawo pa vani, majekete atanyowa ndi mvula.

"Alamu, anthu awiri tebulo lonseli n'lachiyani? Achimwene akulifuna."

"Nyamulani," anatero amayi, osasiya kusita yunifolomu yanga.

Ananyamuladi. Analipendeketsa, kulibweza, kuliimiritsa, koma kanjira kathu kotulukira pakhomo kanali kopapatiza ndipo tebulo linakana kukhota. Anafuna kumasula miyendo, koma sanapeze pogwiritsa sikuludiraiva. Bambo aang'ono anagwada, thukuta lili kamukamu, n'kumapapasa pansi. Kachitsulo kaja kanali kuseri kwa thabwa lopingasa, ndipo ine ndinkakadziwa ngati dzina langa, poti pansi pamenepo ndi pomwe ndinkasewerera.

Atandifunsa mmene limapindidwira, ndinayang'ana amayi. Iwo maso anali pa simbi. Ndinayankha m'Chingerezi, monga ndinkachitira ndikafuna kuti munthu wamkulu andileke.

"I don't know."

Linali bodza langa loyamba pamaso pa amayi, ndipo sindichita nalo manyazi.

Pamenepo bambo aang'ono anaimbira foni bambo, naikweza mawu kuti tonse timve. Mwini tebulo ndiye atiuze, anatero. Kunamveka mawu a bambo, otsika.

"Funsani mayi ake. Ine ndinkangolipeza lotambasula kale."

Amayi anaseka. Anaseka mpaka kuika simbi pansi n'kugwira khoma. Bambo aang'ono anatola makiyi awo n'kutuluka osatsazika, tebulo lili chopingasa pakati pa balaza, ndipo tinalikankhira pamalo pake tokha.

Ine ndinavina kulizungulira, chifukwa tinali titapambana. Amayi analowa m'bafa, n'kutsegula mpopi, madzi n'kumangotayika nthawi yaitali, iwo amene ankandikalipira ndikasiya dontho. Ndinagogoda kuwafunsa ngati tilipinde tsopano, poti anthu aja apita. Anati ayi. Ndinkaganiza kuti akukaniza tebulo. Sindinkadziwa kuti angomva, pamaso pa mlamu wawo, kuti zaka zonse zija mwamuna wawo sanawaonepo n'kamodzi komwe atagwada pansi pake.