Gadiyani wa pa foni

Ndinaganiza zopita ku Durban tsiku limene bambo a Chisomo, amuna anga, anaimba foni n'kulephera kumaliza mawu chifukwa cha chifuwa. Ankanyamula katundu ku Jacobs, ku Durban komweko. Apongozi anati, "Pita mwana wanga, munthu sadwala yekha." Chisomo ndinamusiya kwa iwo.

Ndinapeza ganyu yochapa ku Phoenix, malipiro ake ongokwana lendi. Atawagoneka m'chipatala amuna anga, ndinanyamula bulangete ndi poto monga timachitira kwathu. Nesi anandibweza pakhomo. Kumeneko kulibe gadiyani. Umawaona ola limodzi, ndipo ola limenelo ine ndinkakhala pa ganyu. Anangondipatsa nambala ya foni.

Sukulu ndinalekera sitandade 4. Mayi Asiyatu a ku Mangochi, oyandikana nawo nyumba, ndiwo ankandiphunzitsa Chingerezi cha pa foni.

"Akati hold on, musadule, achemwali. Put you through ndiye kuti akukulumikizani ku wodi. Call back, mudzaimbenso."

"Nanga oti ndikufuna amuna anga?"

"Eish, amenewo nenani m'Chichewa, Mulungu amva."

Mawuwo ndinawaloweza ngati katekisimu. Hold on, kenako kanyimbo. Kanyimbo katha, foni yaduka. Ndikaimbanso ayankha wina: speak up, speak up. Ndikweze bwanji mawu m'takisi, anthu akutchera khutu kuti amve ndine wa kuti? Mayunitsi ankathera pa kanyimbo kaja. Tsiku lina wodi inayankha, nesi n'kuti agona, call back. Mawa lake anaimba okha, ndili pa ganyu. Tsiku limenelo panalibe hold on.

Amalawi anzathu anasonkha, tinabwera nawo mtembo. Titaika maliro, apongozi anandikokera kuseri.

"Pomaliza ananena chiyani mwana wanga? Madzi unawamwetsa?"

Ndinawauza zoona, kuti ndinali pa foni. Sanamvetse. Achibale mpaka lero amati ndinatanganidwa ndi ndalama za ku Joni. Ndalama zake ziti?

Chaka chatha apongozi omwewo anagonekedwa kuchipatala cha boma kuno. Mankhwala kunalibe, magetsi ankazimazima, ana awo ankangoimba foni kuchokera ku tawuni. Ine ndinayala chitenje pansi pa bedi lawo. Akatsokomola ndinkadzuka.

"Ukadali pompano?" ankafunsa.

"Ndilipo, amayi. Imwani madzi."