Msoti Umene a Nankhoma Anapereka

Anthu a kufupi ndi Namitete amawadziwa a Lydia Nankhoma ndi chigubu cha mkaka pamutu m'mawa ndiponso mtolo wa nsenjere madzulo. Ukawapatsa moni, asanakuuze za thupi lawo amayamba akuuza mmene ng'ombe yadzukira. Ena amawaseka kuti anakwatiwa kawiri, koyamba ndi a Lyton, kachiwiri ndi Mwaiwathu, ng'ombe yawo yamawanga oyera ndi akuda. Iwo sakwiya. Amangoti pa awiriwo amene amabweretsa sopo pakhomo mukumudziwa.

Anabadwira m'mudzi momwemo ndipo sukulu anailekezera sitandade faifi. A Lyton anabwera chikamwini kuchokera ku Nsaru, munthu wa fodya weniweni, ndipo zaka zonse za utsikana wawo a Nankhoma anazithera m'chigafa, kusoka masamba mpaka zala kuda bii. Tsiku lina a Lyton anagwa ali m'chigafa momwemo. Kuchipatala anati ndi sitiroko. Anabwerako dzanja ndi mwendo wakumanja zitafa, pakamwa patapotoka, ndipo ulimi wa fodya unathera pomwepo. Pakhomo panatsala mkazi mmodzi, mwamuna wofunika kumusambitsa, adzukulu atatu amene mwana wawo wamkazi anawasiya popita kukafuna ntchito m'tauni, ndi mbuzi zingapo.

Mwaiwathu anabwera nthawi imeneyo. Bungwe lina linapereka ng'ombe zamkaka ku gulu la alimi mwa chipereganyo. Lamulo lake ndi losavuta kumva: ukalandira ng'ombe, thole loyamba lalikazi si lako, umalilera mpaka lisiye kuyamwa n'kulipereka kwa mnzako wotsatira pamzere. Ukapereka, mkota uja wasanduka wako mpaka kalekale. A Nankhoma anavomera akumwetulira, poganiza kuti thole lalikazi likhoza kuvuta pati.

Mwaiwathu anaswa koyamba thole lalimuna. Anthu anati sizachilendo. Analilera, ndipo a Lyton atadwalanso analigulitsa. Kachiwiri, lalimuna. Kachitatu a Nankhoma anachita kugwada m'khola kuyang'anitsitsa pansi pa mimba ya thole lili lonyowa, ngati kuti akayang'ana kwambiri zisintha. Linali lalimunanso. Anakhala pansi m'ndowe momwemo n'kulira, chonsecho mkaka unali kutuluka wambiri kuposa ng'ombe iliyonse m'gulumo. Mkaka umenewo ndiwo unali mankhwala a a Lyton, phala la adzukulu, mchere ndi feteleza.

Wotsatira pamzere anali Josephine, amene anthu amamuitana kuti amake Monica. Makolo ake anachokera ku Phalombe kudzakhala matenanti pa esiteti ya fodya, ndipo iye anakulira m'tinyumba ta pa esitetipo, kusamuka chaka ndi chaka. Iye ndi mwamuna wake atapeza kamalo kawokawo, anachita zonse zimene gulu linafuna. Anamanga khola, theka la kamunda anadzalapo nsenjere m'malo mwa chimanga, n'kumadikira. Udzu wa padenga la kholalo unawola, anafoleranso, unawolanso. M'kholamo munkagona nkhuku, ndipo ana a m'mudzi ankalitcha khola la mphepo. Josephine sankadandaula pamaso pa a Nankhoma. Ankangobwera kudzaona Mwaiwathu akakhala ndi bere, n'kumamusisita pakhosi.

Pamsonkhano wa gulu utatha ntchito yokolola, wapampando, a Ignatius, analankhula maso ali pansi, chifukwa si munthu wankhanza. Anati mzere waima nthawi yaitali ndipo anthu ayamba kutuluka m'gulu. Anagwirizana kuti pa chionetsero cha zaulimi cha m'dera lawo, chimene chimachitika mvula itayandikira, a Nankhoma adzapereke msoti wamtundu wamkaka, kaya aupeza kuti. Akalephera, Mwaiwathu mwiniyo ndiye adzapite kwa Josephine, iwo adzatsale ndi tiamuna tawo tiwiri.

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. A Nankhoma anaitana wojambula zithunzi pa Namitete kuti ajambule tinkhunzi tiwirito, chithunzicho anachikulunga m'pepala lapulasitiki, n'kuyamba kuyenda m'zionetsero. Anaganiza kuti kumene alimi a ng'ombe amasonkhana ndi ziweto zawo, sangalephere kupeza mmodzi wofuna ng'ombe zokoka ngolo amene angasinthe ndi msoti. Ankamva pa wailesi kapena kwa alangizi kuti chionetsero chili kwakuti, n'kudzuka kukama, kuwasambitsa a Lyton, kuwakhazika pakhonde, n'kukwera kabaza. Ulendo uliwonse unkadya mbuzi kapena nkhuku.

Amene anapitako ku zionetsero zimenezi akudziwa mmene zimakhalira. Bwalo la sukulu limadzaza misasa ya udzu ndi matenti a makampani a mbewu. Pamatebulo pali maungu oti munthu mmodzi sanganyamule, chimanga chosankhidwa bwino chimene mwini wake yemwe sadya chotero kunyumba, mbatata yofiira m'kati, juwisi wa malambe, uchi, mbaula zosatha nkhuni. Chimkuzamawu chimalira kuyambira m'mawa, amayi a yunifolomu akuvina, ndipo mlendo wolemekezeka amafika dzuwa litapendeka, anthu milomo itauma. A Nankhoma zonsezi ankazidutsa ngati munthu wopita kumaliro. Ankalunjika kuseri, kumene amamanga timakola ta ziweto.

Ku Mpingu alimi a mkaka anachiyang'ana chithunzicho, anayamikira kuti tinkhunzito n'tonenepa, n'kuwabwezera. Mmodzi anawauza mosabisa kuti msoti wamkaka munthu sasinthitsa, ngakhale m'bale wake weniweni amamukaniza. Ku Nsaru, kwawo kwa amuna awo, mkulu wina anavomera msanga mpaka mtima wawo unadumpha, koma msoti wake unali wachikuda, wa linunda, umene gulu silikanaulandira. Ku Kabudula anafika mochedwa matola atawafera panjira, anapeza anthu akugwetsa misasa, ng'ombe zitapita kale. Pobwera anapeza a Lyton atagwa pampando, akhala pansi kuyambira masana, mdzukulu akulephera kuwadzutsa. Mwaiwathu anali akulira m'khola, bere lake litatupa.

Mphepo ya chisanu inatha, kunayamba kutentha, mitengo ya mango inachita maluwa. A Nankhoma anaonda. Kutchalitchi ankayimba pakamwa pokha, mutu uli m'khola. Ankati akakumana ndi Josephine pachitsime, mtsikanayo n'kuwagwadira powapatsa moni, mtima wawo unkadzaza mkwiyo umene sankadziwa kuti aupereke kwa yani, pakuti mwana wa eniyo sanawalakwire kalikonse.

Mbuzi yomaliza anaigulitsa kuti apite ku Nambuma. Kumeneko, kuseri kwa misasa, anapeza msoti wokongola, wamawanga ngati Mwaiwathu, wamiyendo yowongoka, wangosiya kumene kuyamwa. Mwini wake anali a Zakeyo, bambo wolankhula kwambiri, wachipewa chachikulu. Anachiyang'ana chithunzi chija nthawi yaitali n'kunena kuti ngolo yawo yakhala ikuwola pabwalo chibereni akuba ng'ombe zawo. Anavomera. Kenaka anawonjeza monyadira kuti msotiwo si wamba, unabadwa mapasa ndi thole lalimuna.

A Nankhoma anali ataweta mbuzi moyo wawo wonse, ndipo woweta mbuzi aliyense amadziwa kuti mbuzi yobadwa mapasa nayonso imaswa mapasa. Anangoona kuti Mulungu wawayankha mopitirira. Mlungu womwewo anthu a a Zakeyo anabweretsa msoti pa galimoto n'kutenga tinkhunzi tiwiri tija. A Ignatius anabwera, anauyang'ana mano ndi maso, anafufuza nkhupakupa, anati ndi wabwino. Za mapasazo a Nankhoma sanauze munthu, ngakhale a Lyton, chifukwa mwayi ukaulengeza anthu ansanje amaulowa. Anafuna kudzamunong'oneza Josephine tsiku lopereka, ikhale mphatso ya pamwamba pomupepesa zaka zonse anadikira.

Tsiku la chionetsero cha kwawo anavala chitenje chatsopano. Msoti anaumangirira pamtengo wa kesha pafupi ndi bwalo, kenaka, kwa nthawi yoyamba chaka chonsecho, anayenda m'misasa ngati anthu ena. Analawa juwisi wa malambe, anagwiragwira maungu, anaseka ndi amayi ogulitsa zitumbuwa. Pa msasa wa ziweto panali mlangizi wamkazi wochokera dera lina, wosawadziwa, akufotokoza za matenda a ng'ombe. Anthu atachepa, a Nankhoma anasendera pafupi. Ankangofuna kumva uthenga wawo wabwino ukutuluka pakamwa pa munthu wophunzira.

"Achemwali, msoti wa ng'ombe wobadwa mapasa, nawonso umadzaswa mapasa, eti?"

Mlangiziyo anafunsa ngati mapasawo anali aakazi okhaokha. Iwo anati ayi, mnzake anali wamwamuna.

"Aa, mayi, umenewo ndi wa nyama basi. Ng'ombe si mbuzi. Msoti ukakhala m'mimba limodzi ndi thole lalimuna, ziwalo zake zoberekera sizikula. Kunja umaoneka bwinobwino, koma pafupifupi yonse yotere siswa, ndiye mkaka simudzauona. Kodi ndi wanu?"

"Ayi," anatero a Nankhoma. "Ndangofunsira mnzanga."

Anachoka pamenepo. Anakaima pamtengo wa kesha paja, msoti ukuwanyambita dzanja. Kaya a Zakeyo ankadziwa, kaya nawonso anali ndi nzeru za mbuzi, zinalibenso ntchito, pakuti tinkhunzi tija anali atatifula kale n'kuyamba kutiphunzitsa goli. Mbuzi zinatha. Chimene chinatsala chinali Mwaiwathu yekha. Anaganiza za a Lyton pakhonde, malovu akutsika pachibwano, ndi za mapilitsi awo otsitsa magazi amene ku chipatala cha boma sapezeka kawirikawiri. Anaganiza za adzukulu. Anaganizanso za khola la mphepo lija, ndipo anayesetsa kuti asaliganizire.

Chimkuzamawu chinaitana gulu la alimi a mkaka kuti lifike pabwalo. A Ignatius anali kutsogolo ndi jekete yawo ya kutchalitchi. Josephine anali atabwera ndi mwamuna wake, ana ake onse, ndiponso mayi ake okalamba, amene moyo wawo wonse anagwira ntchito m'minda ya eni ndipo anali asanakhalepo ndi chiweto choposa nkhuku. Kuyambira pamtengo kukafika pabwalo si patali, koma a Nankhoma anali ndi nthawi yokwanira yoti anene zoona. Anamasula msoti uja n'kuukokera pabwalo. Mlendo wolemekezeka anaimirira, wojambula anakonza kamera, ndipo a Nankhoma anatambasula dzanja n'kupereka chingwe kwa Josephine.

Nthungululu zinamveka bwalo lonse. Josephine anagwada pafumbi n'kuwagwira mapazi akulira, akuti m'dziko la eni lino iye wapeza mayi wachiwiri mwa iwowo. A Ignatius analengeza kuti kuyambira tsiku limenelo Mwaiwathu ndi wa a Nankhoma, ndipo anthu anawomba m'manja. A Nankhoma nawonso analira, anthu n'kumati ndi chimwemwe.

Mvula inagwa, inatha, inagwanso. Mwaiwathu waswanso, ndipo ulendo uno, ngati akuchita dala, waswa thole lalikazi, limene tsopano ndi la a Nankhoma mwalamulo. Tsiku lililonse amadziuza kuti likasiya kuyamwa akalipereka kwa Josephine, koma denga la nyumba likudontha, mdzukulu wamkulu wasankhidwa kupita kusekondale, ndipo pali kale munthu wa ku Chitedze amene akulifunsira. Sanamuyankhe kuti inde, sanamuyankhenso kuti ayi.

Josephine msoti wake anaupatsa dzina loti Lydia. Wakula, wanenepa, ubweya ukuchita kunyezimira, chifukwa mwini wake amadula nsenjere kawiri patsiku ndipo gaga woti akanasinthitsa ndi ndiwo amapatsa ng'ombe. Chaka chino wachepetsanso chimanga kuti awonjezere udzu. M'mawa uliwonse a Nankhoma amatumiza botolo la mkaka kwa ana a Josephine osalipiritsa, ndipo mudzi wonse umawatama kuti mtima wotere ndi wosowa.

Lamulungu lapitali Josephine anabwera yekha kudzatenga botololo. Anakhala pamwala pafupi ndi khola, a Nankhoma akukama, n'kunena mwamanyazi kuti akuda nkhawa. Anzake a msinkhu umodzi ndi Lydia ali kale ndi bere, koma iye sakulira, sakuvuta, sakuonetsa chizindikiro chilichonse chofuna nkhunzi.

"Inu mukuzidziwa bwino ng'ombe, amayi. Kapena pali chimene ndikulakwitsa pa kadyetsedwe?"

A Nankhoma sanadzutse mutu. Chipumi chawo chinali chitatsamira pamimba pa Mwaiwathu, manja akupitiriza kukama.

"Palibe chimene mukulakwitsa, amake Monica. Zina zimangochedwa. Kuona maso a nkhono n'kudekha."

Josephine anapumira m'mwamba, anaseka, anati ndiye wamasuka. A Nankhoma anatenga botolo lija n'kuyamba kuthiramo mkaka mpaka unasefukira n'kutayikira pansi. Josephine anathokoza, ananyamula chikwakwa chake, n'kutsikira kudambo kukadula udzu.