Zala Zimene Simenti Inadya

Ntchito yanga kuno ku Joni ndi yoyesa mapulogalamu a pakompyuta asanapite kwa eniake. Tisanayese timayamba talemba mayuzikesi, tinkhani tifupitifupi tonena kuti munthu wakuti akufuna chakuti, ndiye makina achite chakuti. Ndinkadzitama kuti palibe chondizemba, mpaka anzanga ankandinena kuti ndikhoza kupeza cholakwika ngakhale m'pemphero la chakudya.

Chaka china tinapanga makina olembera antchito polowa pa weyahausi ina, nyumba yosungiramo katundu, ku Marlboro. Munthu aike chala, nyale yobiriwira iyake, basi walembedwa kuti wabwera. Ndinalemba za wochedwa, za magetsi akazima, za wofuna kulembetsa mnzake amene wagona kunyumba. Tinayesa ndi zala zathu za muofesi, zosalala ngati za khanda, zonse zinayenda.

Abambo anga ankanyamula matumba a simenti pa weyahausi yomweyo. Ndinawauza monyada kuti makinawo adutsa m'manja mwanga, iwo n'kuuza dera lonse la Alexandra.

Simenti inali itawadya zala mpaka mizere kufufutika. Masiku ena makina ankawalandira, masiku ambiri ankawakana. Akawakana, ankangopukuta chala pa ovololo n'kulowa, kugwira ntchito tsiku lonse osanena kwa kapitawo, poopa kunyozetsa mwana wawo. Kuofesi mapepala ankati ajomba. Patatha miyezi iwiri anawachotsa ntchito. Ndinamva kwa amayi, abambo eni ake ankati angotopa. Mtima unandipweteka, ndipo ukundipwetekabe mpaka lero. Ndinapita kukachonderera mabwana a pa weyahausi, koma anandiuza kuti pamalo pa abambo palowa kale wina.

Ndinalemba yuzikesi imene ndinaiiwala ija: wantchito amene zala zake zinatha, makina akamukana amupemphe nambala. Anzanga anakonza makinawo. Pofuna kuyesa, muofesi monse munasowa chala chotero. Ndi manyazi anga onse ndinawapempha abambo.

Anabwera atavala jekete la kutchalitchi. Anaika chala, makina anakana n'kupempha nambala. Anaidina pang'onopang'ono, nyale inayaka. Anaiyang'ana kanthawi ndithu.

"Shapu, mwanangu," anatero. "Ndiye anzanga aja savutikanso."

Powaperekeza ku takisi anandifunsa chapansipansi ngati abwana anga sanandikalipire chifukwa cha iwo.